Za Tchalitchi cha St Mary ku Shrewsbury

Anzanga, ambiri a ife tinazolowera kuona matchalitchi amene achepa. Tsiku la Sabata anthu amadzaza mpaka pakhomo, ana amakhala pansi kutsogolo, ndipo ochedwa amamvera ulaliki ataima pazenera. Nkhawa ya akulu a mpingo imakhala ya njerwa ndi malata okuzira nyumbayo. Tsono ine ndifuna kukuuzani za tchalitchi chimene vuto lache linali losiyana ndi limeneli. Nchachikuru koposa matchalitchi onse a m'tauni mwache, ndipo alendo amachokera kutali kudzachiona, koma m'chaka cha 1987 chinaleka kukhala tchalitchi cha parishi pakuti opembedzamo anachepa. Dzina lache ndi St Mary, ndiko kunena Mariya Woyera, ndipo chiri ku Shrewsbury.

Tauni ya Shrewsbury iri kumadzulo kwa England, dziko lija akulu amalitcha Mangalande, mailosi 9 okha kuchokera ku malire a Wales, ndipo ndiyo likulu la chigawo cha Shropshire. Mukayang'ana pa mapu mudzaona kuti mtsinje wa Severn umazungulira tauniyi pafupifupi mbali zonse, nusiya kampata kakang'ono chakumpoto. Pakampatapo anthu akale anamangapo linga, ndipo nyumba zonse za tauni yakaleyo zinapanikizana pa chitunda cha m'kati mwa mtsinjewo. Pamwamba pa chitundacho ndipo paima St Mary. Nsanja yache yosongoka ndi yaitali mapazi oposa 200, ndipo iri m'gulu la nsanja zazitali koposa za matchalitchi a parishi m'dziko lonselo.

Poyamba ndifotokoze tanthauzo la parishi, chifukwa kwa Angelezi akale mau amenewa anali olemera koposa m'mene timawamvera ife. Dziko lonse linagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo kachigawo kalikonse kanali ndi tchalitchi chache ndi wansembe wache. Munthu sanali kudzisankhira kopemphera iai. Kumene anali kukhala ndiko kunali ku tchalitchi kwao. Kumeneko anali kubatizidwa, kumanga ukwati, ndi kuikidwa m'manda a pabwalo. Anali kuperekanso chachikhumi cha mbeu ndi ziweto zache, ndipo chimenechi sichinali chopereka cha ufulu koma lamulo la dziko. Kuyambira m'chaka cha 1538 Boma linalamula kuti parishi iriyonse izisunga buku lolembamo maubatizo, maukwati ndi maliro. Chotero tchalitchi cha parishi chinali ngati ofesi ya Boma, bwalo la mudzi ndi nyumba ya Mulungu zonse pamodzi. Mukamva kuti china chaleka kukhala cha parishi, dziwani kuti chaleka zambiri.

Mbiri imene anthu a ku Shrewsbury analandira kwa makolo ao imati anayambitsa St Mary ndi Mfumu Edgar, amene analamulira England kuyambira 959 kufikira 975. Kuti pamalopo panali tchalitchi kalekale nzosakayikitsa, pakuti chinalembedwa m'buku lotchedwa Domesday Book, limene Mfumu William analembetsa m'chaka cha 1086 pofuna kudziwa chuma chonse cha dziko limene anagonjetsa. Ndiponso m'chaka cha 1864 anthu pokumba pansi pa tchalitchi chalerochi anapeza maziko a china chakale. Sichinali tchalitchi cha wansembe mmodzi. Panali gulu la ansembe ndi mkulu wao, ndipo anali ndi minda yao imene inali kuwadyetsa. Chinalinso ndi ulemu wina wapadera umene Angelezi amautcha Royal Peculiar: bishopu wa chigawocho analibe mphamvu pa icho, koma chinali pansi pa mfumu yeniyeniyo. Ndikhulupirira kuti mabishopu sanali kukondwera nazo zimenezi.

Nyumba imene iripo lero sinamangidwe nthawi imodzi. Munthu wodziwa akhoza kuwerenga zaka zache pa makoma monga m'mene timawerengera zaka za mtengo pa chitsa. Kunsi kwa nsanja kuli miyala yofiira, yamchenga, ndipo kumeneko ndi kwa m'zaka za m'ma 1100. Kumwamba kwache pamodzi ndi nsonga yosongoka ija kuli miyala yoyererako, ndipo anaonjezako m'zaka za m'ma 1400. M'kati muli chinthu china chimene amisiri amachita nacho chidwi. Kale Angelezi anali kumanga zipilala zonenepa, ndipo pakati pa chipilala ndi chinzache anali kupinda miyala mozungulira ngati theka la mwezi. Pambuyo pache anaphunzira kumanga zipilala zoonda ndi kupinda miyalayo mosongoka. Tsono amisiri a St Mary anagwira ntchito yao cha m'ma 1200, pamene luso lakale linali kutha ndipo latsopano linali kuyamba, kotero kuti anaimika zipilala zoonda za makono, koma pamwamba pache napinda mozungulira monga anachitira atate ao. Denga la m'katimo ndi la matabwa a mtengo wa oak, la m'zaka za m'ma 1400, ndipo anasemapo angelo, mbalame ndi nyama.

Nanga ndalama zomangira zonsezi zinachokera kuti? Zambiri zinachokera ku nkhosa. Alimi a ku mapiri a Wales anali kuweta nkhosa ndi kuomba nsalu za ubweya, ndipo amalonda a ku Shrewsbury anali kugula nsaluzo nakazigulitsa ku London ndi kutsidya la nyanja. Amalondawa anali ndi bungwe lao lotchedwa Drapers, limene Mfumu Edward IV analipatsa chikalata cholivomereza m'chaka cha 1462. Iwo anali ndi chipinda chao chopemphereramo m'kati mwa St Mary, ndipo nyumba yao ya misonkhano, yamatabwa akuda ndi makoma oyera, ikali chiimire pafupi ndi tchalitchicho.

Tsoka loyamba linadza ndi kusintha kwa chipembedzo. Mfumu Henry VIII anakangana ndi Papa napatula Mpingo wa England m'chaka cha 1534, ndipo posakhalitsa anatseka nyumba zonse za amonke nalanda chuma chao. Mwana wache Edward VI, amene analowa ufumu m'chaka cha 1547 ali ndi zaka 9 zokha, nduna zache zinapitiriza ntchitoyo, ndipo m'chaka cha 1548 gulu la ansembe a St Mary linathetsedwa. Tchalitchi chinatsala, koma chuma chinapita kwa mfumu. Apa pali nkhani yotikhudza ife ana a sukulu. Anthu a m'tauni anapempha mfumu kuti iwapatse sukulu, ndipo m'chaka cha 1552 Shrewsbury School inatsegulidwa. Ndalama zoyendetsera sukuluyo zinachokera ku chachikhumi chimene kale chinali kupita kwa ansembe a St Mary ndi a tchalitchi china cha m'tauni momwemo, cha St Chad. Motero tirigu amene anali kudyetsa oimba mapemphero anayamba kulipira aphunzitsi a Chilatini. Sukulu imeneyi tikumana nayonso kutsogoloku.

Mlendo akafika pakhomo la pansi pa nsanja, chinthu choyamba chimene amaona si cha mfumu kapena cha bishopu, koma mwala wa chikumbutso cha mnyamata wina wosauka, Robert Cadman. Ntchito yache inali yokwera nsanja za matchalitchi ndi kukonza nsonga zache, koma anali kupezanso ndalama pochita masewera a pa chingwe. Nyengo yachisanu ya chaka chimenecho inali yoopsa ndithu, kotero kuti madzi a Severn anauma gwa, anthu namayenda pamwamba pa mtsinje. Pa 2 February Cadman anamanga chingwe pamwamba pa nsanja ya St Mary nachiolotsa mtsinje kufikira ku dambo lotchedwa Gay Meadow, kumene zaka zambiri pambuyo pache kunadzakhala bwalo la mpira la timu ya tauniyo. Anayambira kudamboko kukwera chingwecho, akuchita zodabwitsa zosiyanasiyana panjira, mpaka anafika pamwamba. Pobwerera anavala thabwa pachifuwa, lokhala ndi kangalande kolowa chingwe, nagona chafufumimba kuti atsetsereke ngati mbalame youluka. Ali pakati chingwe chinaduka, ndipo anagwa pa nthaka youma ndi chisanu nafera pomwepo. Amati mkazi wache anali m'kati mwa khamulo kusonkhetsa makobiri. Anamuika pansi pa nsanja yomweyo, ndipo olemba pamwalapo anasamala kunena kuti cholakwa chinali chingwe, osati luso kapena kulimba mtima kwa mwini wache.

Mwalawo umati izi zinachitika m'chaka cha 1739, koma mabuku ena amati 1740, ndipo onse akunena zoona. Masiku amenewo Angelezi anali kuyamba chaka chatsopano pa 25 March, osati pa 1 January, ndipo anadzasintha m'chaka cha 1752. Chotero February amene iwo anamuwerengera kumapeto kwa 1739, ife tikanamuika kumayambiriro kwa 1740. Inu amene mukukonzekera mayeso a History musadzadabwe mukapeza chaka cholembedwa pawiri chotere.

Tsopano ndifike pa chimene chimakokera alendo ku St Mary, ndicho mazenera a magalasi amitundumitundu. Chodabwitsa chache nchakuti abwino koposa mwa magalasi amenewa sanapangidwire tchalitchi chimenechi. Anachokera ku nyumba zina zopemphereramo zimene zinatsekedwa kapena kugwa. Mlendo amene amaima m'katimo ndi kutama kukongola kwache akuyang'ana katundu wamasiye.

Zenera lalikuru koposa liri kum'mawa, kumbuyo kwa guwa, ndipo limatchedwa zenera la Jese. Pansi pache pali Jese, atate wa Mfumu Davide, ali gone m'tulo, ndipo m'thupi mwache mukuphuka mpesa umene nthambi zache zakwera kudzaza zenera lonse. M'nthambimo muli mafumu ndi aneneri, mpaka kufika kwa Mariya ndi Yesu. Ndi njira imene anthu osadziwa kuwerenga anali kuphunzirira mzere wa makolo a Yesu ndi ulosi wa Yesaya. Linapangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1300, ndipo amene analipira ndi Sir John de Charlton, munthu wamphamvu wa m'malire a Wales, amene chithunzi chache chiri m'munsi atagwada pamodzi ndi a pabanja pache. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti poyamba linali m'tchalitchi cha abale a gulu la St Francis m'tauni momwemo, ndipo nyumba yao itatsekedwa m'masiku a Henry VIII linasamutsidwira ku St Chad. Kumeneko linakhala zaka zoposa 200.

M'chaka cha 1788 akulu a mpingo wa St Chad anaona kuti nyumba yao ifuna kukonzedwa, ndipo anaitana mmisiri wa ku Scotland dzina lache Thomas Telford, amene anali atangoyamba kumene ntchito yoyang'anira zomangamanga za chigawo cha Shropshire. Telford anayendera nyumbayo napeza ming'alu yaikuru. Chipilala chimodzi chonyamula nsanja chinali chitafooka, chifukwa anthu anali kukumba manda m'kati mwa tchalitchi pafupi ndi maziko ache. Anawauza poyera kuti nyumbayo iri pafupi kugwa. Akuluakulu aja sanamve. Anayesa kuti mnyamatayo akukuza nkhani pofuna kudzipezera ntchito yaikuru, ndipo anaitana womanga wina woti angomata. Patapita masiku owerengeka okha, m'mamawa pa 9 July, nsanja inagwa niphwanya mbali yaikuru ya tchalitchicho. Mwai wache unali wakuti anthu anali asanalowemo. Telford anadzakhala mmodzi wa amisiri omveka koposa a milatho, miseu ndi ngalande m'dziko la Britain, ndipo lero pafupi ndi Shrewsbury pali tauni yotchedwa dzina lache. Maina a akulu a mpingo aja palibe amawakumbukira.

Anthu a St Chad anakamanga tchalitchi chatsopano chozungulira pamalo ena, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1792, ndipo zenera la Jese, limene linapulumuka pa ngoziyo, linaperekedwa ku St Mary. Kunena zoona, si galasi lonse limene liri m'zeneramo lero ndi la masiku a Charlton. Kusamuka kawiri kunaliononga, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1850 mmisiri wa m'tauni momwemo, David Evans, analikonzanso naikamo zidutswa zambiri zatsopano.

Mwina wina angafunse kuti galasi lingasamuke bwanji chonsecho zenera lina silifanana ndi linzache. Yankho liri m'kapangidwe kache. Zenera lotere si galasi limodzi lopakidwa utoto iai. Mtundu umalowa m'galasimo likadali losungunuka m'ng'anjo, pothiramo zitsulo zina: kobalti amapereka mtundu wa buluu, mkuwa umapereka wofiira kapena wobiriwira. Mmisiri amadula tizidutswa molingana ndi chithunzi chimene wajambula, nalemba nkhope, tsitsi ndi makwinya a zobvala ndi utoto wakuda wa chitsulo, naotchanso kuti utotowo ukanirire. Mtundu wachikasu amaupeza popaka mankhwala a siliva kuseri kwa galasi asanaotche. Potsiriza amalumikiza tizidutswa tonse ndi timizere ta mtovu, tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri. Chotero zenera lalikuru ndi zigawo zambiri zimene munthu akhoza kumasula, kuika m'bokosi, ndi kukalumikizanso kwina, kudula apa ndi kuonjeza apo. Ndicho chifukwa chache magalasi amapulumuka ngakhale pamene makoma amene anawanyamula anatha kalekale.

Munthu amene anadzaza mazenera otsalawo ndi Rev. William Gorsuch Rowland, mbusa wa St Mary amene anamwalira m'chaka cha 1851. Iye anakhala m'nthawi yabwino kwa wogula, koma yoipa kwa amonke a ku Ulaya. M'masiku a nkhondo za Napoleon nyumba zambiri za amonke ku Germany ndi ku Belgium zinatsekedwa, ndipo katundu wao anagulitsidwa motchipa. Amalonda anatenga magalasi ambiri kupita nao ku England, kumene anthu a chuma anali atayamba kukonda zinthu zakale. Rowland anagula ambiri ndi ndalama za m'thumba mwache, ena ochokera ku Trier, ena ku Liège, ena ku Herkenrode. Opambana onse anachokera ku Altenberg, nyumba ya amonke ya pafupi ndi Cologne imene inatsekedwa m'chaka cha 1803. Anapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo amafotokoza moyo wa St Bernard wa ku Clairvaux, mmonke womveka wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1090 kufikira 1153. Rowland anawagula m'chaka cha 1845 pa mtengo wa mapaundi 425. Anzao a magalasi amenewa anamwazikana, ndipo ena ali m'nyumba zosungira zakale ku Cologne ndi kwina.

Chithunzi chimodzi mwa izi chimandiseketsa. Nthano ya amonke imati pamene Bernard anapita kukadalitsa tchalitchi chatsopano ku Foigny anapeza muli ntchentche zosawerengeka, zosokoneza mapemphero. Atasowa chochita anazidula mu mpingo monga amachitira ndi munthu wochimwa, ndipo m'mawa mwache anazipeza zonse zitafa, anthu nazisesa kuzitulutsa kunja. Mmisiri wa ku Germany anajambula zonsezi mosaseka konse. Ife amene timadziwa ntchentche za ku nyumba yodyera m'nyengo ya mango tikadakonda Bernard atatichezera.

Kodi Rowland anachita bwino? Munthu wa ku Altenberg akhoza kunena kuti chuma cha kwao chinatengedwa pa nthawi ya mabvuto, ndipo sindingamutsutse. Koma sanabe ndi Rowland. Iye anagula zimene zinali kale pa msika, ndipo m'malo mokaziika m'nyumba mwache monga anachitira olemera ena, anaziika poti aliyense azione. Ine ndiganiza kuti pakati pa ogula onse a masiku amenewo iye anali mwa abwino.

Nsanja ija inadzabweretsanso nkhani m'chaka cha 1894. Mu February kunaomba chimphepo choopsa, ndipo nsonga yache inathyoka nigwera pa denga la tchalitchi, niononga kwambiri. Pa nthawiyo anthu a m'tauni anali kukambirana zoimika chifanizo cha Charles Darwin, amene timamva dzina lache m'phunziro la Biology. Darwin anabadwira ku Shrewsbury m'chaka cha 1809, anabatizidwa m'tchalitchi chatsopano chija cha St Chad, ndipo kuyambira 1818 kufikira 1825 anaphunzira pa Shrewsbury School, sukulu yomwe ija inayamba ndi chachikhumi cha St Mary. Sanali kuikonda. Mphunzitsi wamkuru anamdzudzula chifukwa chotaya nthawi ndi Chemistry m'malo mwa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo anzache anampatsa dzina lakuti Gas. Buku lache la 1859, On the Origin of Species, linakwiyitsa atsogoleri ambiri a mpingo. Tsono nsanja itagwa, mbusa wa St Mary analalikira kuti chimenechi chinali chilango cha Mulungu pa tauni yofuna kulemekeza munthu wotere. Anthu a m'tauni sanaope. Nsanja inakonzedwanso pansi pa mmisiri John Oldrid Scott, ndipo chifanizo cha Darwin chinaimikidwa m'chaka cha 1897 patsogolo pa nyumba zakale za sukuluyo, zimene tsopano ndi laibulale ya tauni. Chikhalire pompo kufikira lero, mtunda wa mphindi zochepa kuchokera ku St Mary. Ine ndiona kuti mbusayo anafulumira kulankhula. Nsanja yaitali chotero ikagwa usiku wa chimphepo, woyamba kufunsidwa ayenera kukhala mmisiri, monga anthu a St Chad anaphunzirira mochedwa.

Chimene chinachotsa mpingo m'tchalitchi chimenechi si mphepo kapena mfumu. Chinadza pang'onopang'ono, popanda tsiku limene tingaloze. Kumbukirani kuti tauni yakale inali yopanikizana m'kati mwa mtsinje. Pa kachitunda kameneko panali matchalitchi a parishi anai, St Mary, St Alkmund, St Julian ndi St Chad, oyandikana kotero kuti munthu akhoza kuwayendera onse pa mphindi zochepa. Pamene anthu onse anali kugona pamwamba pa masitolo ao ndipo lamulo linali kuwakakamiza kupita kokapemphera, onsewo anali ndi ntchito. Koma m'zaka za m'ma 1900 mabanja anasamukira ku nyumba zatsopano kutsidya kwa mtsinje, pakati pa tauni nipasanduka malo a masitolo ndi maofesi, odzaza usana, opanda anthu usiku ndi pa Sabata. Ndiponso m'dziko lonse la England chiwerengero cha opita ku tchalitchi chinali kutsika chaka ndi chaka. St Julian chinatsekedwa m'zaka za m'ma 1970. Taganizani kagulu kochepa, ambiri a iwo okalamba, kakusonkha ndalama zokonzera nsanja ya mapazi 200, denga la zaka 500, ndi magalasi amene safuna womata wamba koma katswiri. Chuma chija Rowland anasonkhanitsa chinasanduka katundu wolemera pamutu pao.

Mpingo wa England unaona bvuto limeneli likudza, ndipo m'chaka cha 1968 unakhazikitsa lamulo la zoyenera kuchita ndi tchalitchi chimene sichifunikanso pa mapemphero a sabata ndi sabata. Njira ziripo zitatu. China chimagulitsidwa kapena kubwereketsedwa kuti chikhale nyumba yogonamo, ofesi, laibulale kapena sitolo. China chimagwetsedwa. Koma chikakhala cha mbiri yaikuru chimaperekedwa ku bungwe limene linayamba ntchito m'chaka cha 1969 ndi dzina lakuti Redundant Churches Fund, ndipo kuyambira 1994 limatchedwa Churches Conservation Trust. Ndalama zache zimachokera ku Boma, ku Mpingo, ndi kwa anthu opereka mwa kufuna kwao, ndipo limasunga matchalitchi oposa 350. St Mary chinalowa m'manja mwa bungwe limeneli m'chaka cha 1987.

Tisaganize kuti chinasanduka bwinja. Chikali nyumba yopatulika, pakuti madalitso ache sanachotsedwe, ndipo nthawi zina mumachitika mapemphero apadera. Makomo amatsegulidwa kwa alendo, anthu odzipereka amawalandira ndi kuwafotokozera za mazenera, ndipo mumachitika zoimbaimba ndi zionetsero. Malamulo a dziko amachiteteza m'gulu loyamba la nyumba zakale, kotero kuti palibe angachigwetse kapena kuchisintha mwa kufuna kwache. Chimene chinatha ndi chija ndinafotokoza poyamba: palibenso wansembe wache, palibenso mpingo wosonkhana Sabata iriyonse, ndipo buku la maubatizo silidzazanso monga kale. Ndimaganiza za nkhalamba zimene zinabatizidwa momwemo ndi kumangira ukwati momwemo, m'mene zinamvera pa Sabata yoyamba imene zinayenera kupitirira pakhomopo. Parishi yao inaphatikizidwa ndi ya St Chad, ndipo ambiri anayenera kukapemphera m'tchalitchi chozungulira chija, cha mpingo umene makolo ache anapereka zenera la Jese ku St Mary zaka pafupifupi 200 m'mbuyomo. Zeneralo silinawatsate, likali pamalo pache kum'mawa, ndipo amene afuna kuliona bwino amafika m'mawa, dzuwa lisanakwere.